ZA MASEWERA: Caka ca Timu Yaing'ono ndi Mpira wa Pansi pa Denga

Munthu amene anakhalapo m'komboni ya Kapata mu mzinda wa Chipata m'mwezi wa Disembala adziwa bwino mmene masewera a mpira amathera pa nyengo imeneyi. Dzuwa litapendeka, anyamata amasonkhana pabwalo, ena atabvala nsapato, ena ali ndi mapazi cabe. Woimbira mpira aliza wezulo, ndipo anthu oonerera ayamba kukuwa. Koma zisanathe mphindi 20, mtambo wakuda utulukira pamwamba pa mapiri amene azinga mzindawu, mphepo iomba, ndipo madontho oyamba agwa. Posakhalitsa bwalo lonse lasanduka dambo. Oonerera athawira m'makhonde a masitolo, osewera atola malaya ao, ndipo masewera atha popanda wopambana.

Zimenezi sizicitika ku Kapata kokha. Zicitikanso ku Mchini, ku Nabvutika ndi ku Magazine, ndiponso m'midzi ya ku Chadiza, Katete, Lundazi, Petauke ndi maboma ena onse a Cigawo ca Kum'mawa. Caka ndi caka matimu ang'onoang'ono amabadwa m'masika ndi ciyembekezo cacikulu, ndipo caka ndi caka amafa mvula ikagwa. Nkhani ya sabata ino ilondola moyo wa timu yotere kuyambira kubadwa kufikira kufa kwake, ndipo ifotokozanso za mtundu wina wa mpira, woseweredwa pansi pa denga ndi anthu asanu mbali iliyonse, umene m'caka ca 2016 unatsala pang'ono kufikitsa dziko la Zambia ku mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse.

KUBADWA KWA TIMU

Timu yaing'ono imabadwa m'mwezi wa Meyi, pamene cimanga cauma m'munda, nshawa zikukumbidwa, ndipo m'matumba a anthu mwayamba kulowa kandalama. Msonkhano woyamba umacitikira pansi pa mtengo wa mango. Asankha wapampando, mlembi ndi msungicuma, ndipo anyamata oposa 20 alembetsa maina ao, aliyense akulonjeza kuti sadzaphonya tsiku lokonzekera. Wamalonda wina wokoma mtima apereka mpira watsopano. Majezi awasankha m'milu ya salaula pamsika, ndipo manambala awalemba ndi utoto kumsana. Mizere ya pabwalo aijambula ndi phulusa, mitengo ya pagolo aidula kuthengo, ndipo pofika Ciweru cotsatira timu yakonzeka.

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya cisangalalo. Nthaka ili youma, kunja kukuzizira, ndipo osewera amathamanga osatopa msanga. Mudzi ndi mudzi uitanirana masewera, ndipo mphoto imakhala mbuzi, mpira kapena majezi. Amai amaimba nyimbo m'mbali mwa bwalo, ana amathamangira m'kati cigoli cikamwa, ndipo ngakhale nkhalamba zimene zimati mpira ndi cibwana zimabwera ndi timipando tao kudzaonerera adzukulu. Pa nthawi imeneyi palibe amene angakhulupirire kuti timu imeneyi sidzafika Khirisimasi.

Mabvuto amayamba m'mwezi wa Ogasiti, makamaka kwa timu imene yalowa m'ligi ndipo iyenera kukasewera kutali. Kucokera ku Chipata kupita ku Katete pali makilomita pafupifupi 90, ndipo kupita ku Lundazi kapena ku Petauke mtunda wake uli ngati kuwirikiza kawiri. Osewera 11, ena oyembekezera kulowa m'malo mwa anzao, mphunzitsi ndi akuluakulu a komiti, onsewa safika kumeneko popanda kubwereka lole kapena basi yaing'ono. Pamwamba pa mafuta a galimoto pali cakudya ca pa ulendo ndi malipiro a woimbira mpira. Ulendo waciwiri kapena wacitatu usanathe, thumba la timu lauma, ndipo maso onse atembenukira kwa msungicuma, amene kawirikawiri samba konse koma alibe buku losonyeza mmene ndalama zinayendera.

Mwezi wa Okutobala ubwera ndi dzuwa loswa mtengo. Bwalo lauma gwa ngati njerwa yootcha, ndipo wogwa pansi adzuka ndi zilonda. Tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, pa 24 Okutobala, limakhala tsiku lomaliza lalikulu la masewera m'madera ambiri. Pambuyo pake maso a munthu aliyense ali kumwamba kuyang'ana mitambo.

IMFA YOPANDA MALIRO

Mvula ikagwa m'mwezi wa Novembala, manja onse apita kumunda, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, pakuti palibe banja limene linadyapo zigoli. Udzu umera pabwalo kufika m'mawondo, madzi akumba ngalande pakati pake, ndipo m'malo ena munthu wina abzala cimanga pa ngodya imene caka catha panali pomenyera kona. Pa tsiku la masewera pabwera anyamata asanu ndi mmodzi okha. Malamulo a mpira waukulu salola kuti timu iyambe masewera ndi osewera ocepera pa 7, kotero kuti mapointi apita kwa adani popanda kumenya mpira ngakhale kamodzi. Zikacitika kawiri kapena katatu, timu yafa. Sipakhala msonkhano wotsekera caka. Mpira ukhala pansi pa bedi la wapampando, ndipo majezi aja aoneka m'minda, anyamata atawabvala popalira.

Bvuto limeneli linakula m'caka ca 2019, pamene bungwe loyendetsa mpira m'dziko lino la FAZ linasintha nyengo ya ligi yaikulu kuti izigwirizana ndi mipikisano ya bungwe la mpira la mu Africa la CAF. Kale ligi inali kuyamba mvula ikamatha ndi kutha mvula ikamayamba. Pambuyo pa kusinthako ligi inayamba kuseweredwa kucokera ca m'mwezi wa Ogasiti kufikira ca m'mwezi wa Meyi, ndipo motero pakati peni peni pa masewera panagwera m'dzinja. Matimu akuluakulu a m'migodi ndi a ku Lusaka ali ndi mabwalo a kapinga wosamalidwa ndi mabasi aoao. Timu ya m'komboni kapena ya m'mudzi imene ifuna kukwera makwerero kuti tsiku lina ikafike kumeneko ilibe zonsezi.

Wina anganene kuti kufa kwa timu ya anyamata si nkhani yodetsa nkhawa akuluakulu. Koma kuyambira Novembala kufikira Malici pali miyezi isanu, ndipo m'kati mwake muli chuthi calitali ca sukulu. M'mawa mnyamata ali kumunda, kapena akupalasa njinga yonyamula anthu m'tauni. Madzulo alibe cocita. Makolo, mafumu ndi aphunzitsi adziwa kumene nthawi yopanda nchito imatengera acinyamata: kumowa wa kacasu, ku juga ya pa foni, ku ndeu, ndi ku mimba zosayembekezera zimene zimatulutsa ana asungwana m'sukulu. Mpira si mankhwala a matenda onsewa, koma mnyamata amene ali ndi masewera pa Ciweru amagona msanga pa Cisanu, ndipo mphunzitsi wa timu amakhala ngati malume amene mau ake amveka kumene mau a atate alephera.

Poyang'ana bwino, zinthu zimene zimapha timu yaing'ono ndi zinai: mvula, kusowa kwa bwalo labwino, kubvuta kwa kusonkhanitsa osewera 11, ndi ndalama za ulendo. Pali mtundu wa mpira umene unapangidwa ndi anthu amene anakumana ndi mabvuto ofanana ndi amenewa.

MPIRA WA ANTHU ASANU

M'caka ca 1930 dziko la Uruguay, ku South America, linacereza mpikisano woyamba wa Cikho ca Dziko Lonse ndipo linaupambana. Ana a mu mzinda wa Montevideo anatengeka mtima, onse akufuna kusewera, koma mabwalo anali ocepa. Mphunzitsi wina wa m'bungwe la acinyamata la YMCA, dzina lake Juan Carlos Ceriani, anawalowetsa m'holo yoseweramo mpira wa manja woponya m'nkhata, nawagawa asanu asanu, nawapangira malamulo oyenerana ndi malo opanikizawo. Masewerawa anafalikira ku Brazil, kumene anakondedwa koposa, ndipo dzina lao lakuti futsal licokera ku mau a zinenero za kumeneko otanthauza mpira wa m'holo. Bungwe la FIFA linacititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse m'caka ca 1989 ku Netherlands. Anapambana ndi a Brazil, ndipo mwa maiko awiri oimira Africa limodzi linali Zimbabwe, mnansi wa dziko lino.

Malamulo ake ndi osabvuta kumva. Mbali iliyonse ikhala ndi osewera asanu, mmodzi wa iwo ndiye wogwira pagolo. Osewera angathe kusinthana nthawi iliyonse ndiponso kangati konse, ndipo wotuluka aloledwa kulowanso akapuma. Masewera ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, koma wochi imaimitsidwa mpira ukatuluka kunja. Golo ndi la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2 kupita m'mwamba. Kulibe lamulo la ofusaidi. Mpira ukatulukira m'mbali saponya ndi manja, koma auika pa mzere ndi kuumenya ndi phazi, ndipo womenyayo apatsidwa masekondi 4 okha.

Lamulo limene liyenera kukondweretsa makolo ndi lokhudza nkhanza. Woimbira mpira amawerenga zolakwa za timu yonse m'cigawo ciliconse. Zikapitirira zisanu, colakwa ciliconse cotsatira cipatsa adani mwai womenya mpira molunjika pagolo kucokera pa mamita 10, popanda anthu oima kutsogolo kuchinga. Wopatsidwa kadi lofiira atuluka osabwereranso, ndipo anzake atsala anai kwa mphindi ziwiri, kapena kufikira adani atawamwetsa cigoli. Motero timu yokonda kuponda anzao imadzikumbira yokha dzenje, ndipo wopambana amakhala waluso osati wamphamvu cabe.

Za kukula kwa bwalo mlimi aliyense angazimvetse poyerekeza ndi munda wake. Bwalo la mpira waukulu, la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, limadya malo otsala pang'ono kukwana malima atatu. Bwalo la futsal la mipikisano ya maiko, la mamita 40 ndi 20, silikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a lima imodzi. Pa masewera a m'dziko mwao malamulo alola bwalo laling'ono kufika pa mamita 25 ndi 16. Cofunika ndi cakuti pansi pakhale posalala ndi polimba, monga pa simenti kapena pa matabwa.

Mpira wake ndi wocepako kuposa wa masiku onse, ndipo sudumpha kwambiri ukagwa pansi. Apa ana a m'cigawo cino ali ndi mwai umene iwo eni sauzindikira. Cimpombwa cimene amacimanga ndi mapepala a pulasitiki ndi zingwe naconso sicidumpha, ndipo amacisewera m'tinjira topanikiza ta pakati pa nyumba, atatu atatu kapena asanu asanu, miyala iwiri ili golo. Mwana wa ku Kapata amene wakula ndi cimpombwa waphunzira kale kuponda mpira ndi kunsi kwa phazi, kupatsira mnzake msanga, ndi kutembenuka pa malo ocepa. Osewera ochuka a dziko lonse monga Pelé, Ronaldinho ndi Neymar a ku Brazil, ndi Lionel Messi wa ku Argentina, anasewera futsal ali ana, ndipo luso lao la kuyendetsa mpira pakati pa adani ambiri linayambira pamenepo.

ULENDO WA KU JOHANNESBURG

Anthu ambiri a kumidzi sadziwa kuti dziko la Zambia lili ndi timu ya masewera amenewa. Mpikisano wa maiko a mu Africa unayamba m'caka ca 1996, ndipo a Egypt anaupambana katatu kotsatizana, a Libya naupambana m'caka ca 2008. M'mwezi wa Epulo 2016 unacitikira mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo maiko amene anafikako anali 8. Atatu oyamba anali kudzapita ku Colombia kukaimira Africa pa Cikho ca Dziko Lonse ca caka comweco.

Timu ya Zambia inaikidwa m'gulu limodzi ndi eni bwalo a South Africa, a Tunisia ndi a Mozambique. Ambiri anali kuiyesa mlendo wongodzaonerera, popeza osewera ake sanali anthu ochuka, ndipo maina ao sanali kumveka pa wailesi monga a Chipolopolo. Koma pamene masewera a m'magulu anatha, a South Africa ndi a Tunisia ndiwo anatsala m'mbuyo, ndipo a Zambia pamodzi ndi a Mozambique analowa m'ndime ya matimu anai. Apa panali patatsala kupambana kumodzi kokha. Pa masewera oyamba a ndimeyi anyamata a Zambia anakumana ndi a Egypt, akatswiri akale a masewerawa, ndipo anagonja. Koma khomo linali lisanatsekeke, pakuti wopambana pa masewera olimbirana malo acitatu nayenso anali kupita ku Colombia.

Pa tsiku lomaliza la mpikisano a Zambia anakumananso ndi a Mozambique, anansi a kutsidya kwa cipata ca Chanida. Matimu awiriwa anamwetsana zigoli mosinthana, ndipo nthawi inatha popanda woposa mnzake. Nkhani inapita ku mapenate. Anthu a m'dziko lino akumbukira usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 mu mzinda wa Libreville, pamene mapenate anapatsa Chipolopolo cikho ca mu Africa pogonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7, Stoppila Sunzu atamenya yomaliza. Ku Johannesburg mapenate omwewo anatembenuka. A Mozambique anapambana natenga malo acitatu, a Morocco anatenga cikho pogonjetsa Egypt 3 kwa 2, ndipo a Zambia anabwerera kwao ali pa nambala 4, tikiti la ku Colombia litawapulumuka m'manja.

Kulemera kwa nkhaniyi kumveka pokumbukira kuti timu ya amuna akuluakulu ya mpira waukulu, ngakhale inatengapo cikho ca mu Africa, siinapondepo pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse. Anyamata a mpira wa m'holo, amene anthu ocepa okha anawaperekeza ndi kuwalandira, anafika pa khomo penipeni.

KUBWEZERA NDI PHUNZIRO LOWAWA

Pa mpikisano wa 2020 a Zambia sanafikeko. Koma m'mwezi wa Febuluwale 2024, pa masewera osankha opita ku mpikisano wotsatira, maere anawagwetseranso a Mozambique. Atasewera kawiri, kwao ndi kwa eni, a Zambia ndiwo anapitirira, ndipo ngongole ya zaka 8 inabwezedwa. Motsogozedwa ndi mphunzitsi wocokera ku Italy, Bambo Andrea Cristoforetti, ananyamuka kupita ku Rabat m'dziko la Morocco m'mwezi wa Epulo.

Kumeneko anayamba bwino pogonjetsa a Ghana, koma anagonja kwa a Angola, ndipo pa masewera omaliza a m'gulu eni bwalo a Morocco anawamwetsa zigoli 13 kwa 0. A Morocco anapitirira natenga cikho kacitatu kotsatizana pogonjetsa Angola 5 kwa 1, ndipo iwo pamodzi ndi a Angola ndi a Libya anapita ku Uzbekistan, kumene a Brazil anatenga Cikho ca Dziko Lonse kacisanu ndi cimodzi.

Zigoli 13 zimenezi siziyenera kucititsa munthu manyazi okha, koma ziyenera kumuphunzitsa. A Morocco sanafike pamenepo ndi mankhwala. Anasunga mphunzitsi mmodzi, Bambo Hicham Dguig, kuyambira m'caka ca 2010, anakhazikitsa ligi ya dziko lonse, ndipo anamanga mabwalo ang'onoang'ono ambiri m'makomboni a mizinda yao, kotero kuti posankha osewera amasankha pakati pa unyinji. M'dziko lino masewerawa akulira makamaka mu mzinda wa Lusaka, kumene kuli mabwalo ake. Msodzi woponya ukonde pa dziwe limodzi sangapikisane ndi amene akuwedza m'nyanja yonse.

Kuti Cigawo ca Kum'mawa cili ndi ana aluso palibe angatsutse. Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata m'caka ca 1997 ndi kukulira kumudzi, anali m'timu ya anyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga cikho ca mu Africa m'caka ca 2017, ndipo pambuyo pake anakasewera ku Belgium, ku timu ya Rangers ya ku Scotland, ndi ku Saudi Arabia. Iye anaonekera. Funso ndi lakuti anzake angati a luso lofanana analekera panjira cifukwa timu yao inafa ndi mvula ya Novembala.

ZIMENE OTSUTSA ANGANENE

Pali zifukwa zomveka zimene anthu ena angakanire nkhani imeneyi, ndipo nkoyenera kuzimva. Coyamba, dzinja ndi nthawi ya nchito, ndipo kholo lingaope kuti mpira udzacotsa mwana kumunda. Mantha amenewa ndi oona ngati masewera aikidwa m'mawa kapena pakati pa sabata. Koma masewera a futsal satha ngakhale ola limodzi akaseweredwa mosaimitsa wochi, ndipo akaikidwa pa Ciweru masana khasu silitaya kanthu.

Caciwiri, simenti ndi yolimba, ndipo wogwa angabvulale. Nzoona, ndipo cifukwa cake nsapato za minga za pa kapinga siziloledwa konse. Zofunika ndi nsapato zansalu za mphira wosalala kunsi, zimene zipezeka pa salaula pa mtengo wocepa kuposa nsapato za mpira waukulu. Pansi payenera kuseseledwa bwino kuti pasakhale mcenga kapena madzi.

Cacitatu, maholo a masukulu ndi a machalichi ali ndi eni ake, ali ndi mazenera a magalasi, ndipo ambiri ndi aang'ono. Palibe mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa mpingo amene ayenera kudzudzulidwa cifukwa cokana kupereka holo kwa gulu lopanda mtsogoleri wodziwika. Komiti yofuna kubwereka iyenera kubwera ndi pangano lolembedwa, lonena amene adzasesa, amene adzachinga mazenera ndi amene adzalipira cikasweka cinthu. Kumene kulibe holo, bwalo la simenti la mpira wa manja wa asungwana, limene ndi la mamita 30 ndi 15 kapena kuposerapo pang'ono, likwanira pophunzirira. Lilibe denga, koma mvula ikakata limauma msanga, pamene bwalo la dothi likhala matope masiku awiri.

Cacinai, palibe amene ayenera kunamizidwa kuti m'masewerawa muli cuma. Osewera ambiri a futsal mu Africa ali ndi nchito zina zimene zimawadyetsa. Ndiponso mpira wa m'holo sudzalowa m'malo mwa mpira waukulu, umene udzapitirira kudzaza bwalo la David Kaunda ndi mabwalo a m'midzi m'cilimwe. Phindu lake ndi lakuti timu ikhale yamoyo m'dzinja, kuti pofika Meyi isabadwenso mwatsopano koma ipitirize pamene inalekera.

MMENE CAKA CINGAYENDERE

Kuwerengera kwake nkosabvuta. Matimu 8 ocokera ku Kapata ndi makomboni oyandikana nao, iliyonse yokhala ndi osewera 8 kapena 10, angakumane pa bwalo limodzi. Pa Ciweru ciliconse pakhale masewera anai, kuyambira 1 koloko masana kufikira 5 koloko madzulo, kotero kuti timu iliyonse isewere kamodzi pa sabata. Kuti timu iliyonse ikumane ndi inzake kawiri pafunika masabata 14 ndi masewera 56. Ligi yoyamba pa Ciweru coyamba ca Disembala, yopumula pa Khirisimasi ndi pa Ciweru comaliza ca Febuluwale pamene anthu apita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, ingathe mwezi wa Malici usanathe, dzinthu zisanayambe kukololedwa.

M'ligi yotere mulibe lole yobwereka, pakuti wosewera aliyense afika wapansi kapena pa njinga. Timu yaikulu imene inali kulephera kukwanitsa 11 ingathe kutulutsa asanu, ndipo imene ili ndi anyamata ambiri ingagawike pawiri. Ndalama zocepa zimene zisonkhedwa zilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse, kuti msungicuma asamafere mlandu umene sanapalamule. Kumidzi zomwezi zingacitike pa sukulu imodzi ya pakati, midzi yozungulira ikutumiza matimu ao.

Ana asungwana asaiwalidwe. M'mwezi wa Epulo 2025 ku Morocco kunacitika mpikisano woyamba wa futsal wa akazi mu Africa, ndipo asungwana a ku Tanzania, dziko locita malire ndi Zambia, anafika pa masewera omaliza napeza malo pa Cikho ca Dziko Lonse ca ku Philippines. Dziko limene linabala Barbra Banda silingasowe asungwana asanu odziwa kumenya mpira, ndipo makolo ambiri amene amakana kuti mwana wao wamkazi akwere lole kupita kutali angamulole kusewera pa sukulu ya pafupi, dzuwa likali m'mwamba.

Za denga lenileni, njira ilipo. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la citukuko ca m'madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo, lochedwa CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo m'zaka zotsatira linaonjezanso. Zopempha za nchito za citukuko zimayambira kwa anthu eni ake kupyolera m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Zipinda za sukulu, zipatala ndi zitsime ziyenera kukhala patsogolo, ndipo palibe wanzeru angatsutse zimenezo. Koma simenti ya mamita 40 ndi 20 yokhala ndi malata pamwamba si ya mpira wokha. Pa masiku ena ingakhale posonkhanira alimi, poyesera ana sikelo, polembera mayeso ndi pocitira misonkhano ya mafumu. Pempho lotere limamveka bwino likacokera ku matimu amene ayamba kale kusewera pa malo obwereka, ali ndi buku la maina ndi la ndalama m'manja, kusiyana ndi locokera kwa anthu amene angobwera ndi pakamwa pokha.

Akuluakulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Anyamata ali nao mapazi ndi cifuniro, koma makiyi a holo ali ndi aphunzitsi aakulu ndi akulu a mipingo, mau olola ali ndi makolo ndi mafumu, ndipo colembera cili ndi makhansala. Mitambo idzabweranso pamwamba pa mapiri a Chipata m'mwezi wa Novembala monga mwa masiku onse. Komiti ya timu iliyonse imene ifuna kuti anyamata ake adzakhale akusewera pa nthawiyo iyenera kukagogoda pa khomo la mphunzitsi wamkulu kukali cilimwe.